Tisapereke Kiyi wa Nyumba Yathu kwa Mlendo: Pempho kwa Amalawi Onse



Ife amene tikulemba pempholi ndife nzika wamba. Pakati pathu pali aphunzitsi, ochita geni, alimi, ndi achinyamata angapo odziwa za makompyuta. Timakumana kawirikawiri kukambirana za chitetezo cha anthu pa foni ndi pa intaneti, ndipo chatikakamiza kulemba ndi misozi imene taiona m'mabanja mwathu momwe.

Mmodzi wa ife ali ndi azakhali ake ogulitsa usipa ndi tomato pamsika. Tsiku lina m'mawa, ali mkati mopatsa kasitomala chenji, foni yawo inalira. Woimbayo anali bambo wa mawu ofatsa ndi aulemu. Anati akuimba kuchokera ku likulu la kampani ya mafoni, ndipo nambala yawo itsekedwa pofika masana chifukwa kalembera wake sanayende bwino. Anawatchula dzina lawo lonse osaphonya. "Musadule foni mayi, tikuthandizeni pompano. Ingodinani manambala amene ndikuuzeniwa." Azakhali anadina, ndipo pomaliza anaika nambala yawo yachinsinsi. Madzulo, atapita kwa ejenti kuti atape ndalama zokaodera katundu, anapeza mu foni muli mbee. Zinapita ndalama za geni, zinapitanso za banki mkhonde zimene amayi anzawo anawasungitsa. Anatha sabata yathunthu osauza munthu, akudzitukwana okha mumtima.

Wakubayo sanathyole chitseko, sanaboole khoma, sananyamule chikwanje. Anangopempha kiyi mwaulemu, mwini nyumba n'kumupatsa. Umu ndi mmene umbava wambiri wa pa foni ukuchitikira kwathu kuno. Ndani mwa ife sanalandirepo meseji yakuti ndalama ija mutumize pa nambala iyi? Ndani sanamvepo za kholo limene linauzidwa kuti mwana wakomoka kusukulu ndipo pakufunika ndalama ya galimoto msangamsanga? Ena amauzidwa kuti apambana mphoto ya mpikisano umene sanalowe nawo. Ena amalonjezedwa kulembedwa pa Mtukula Pakhomo kapena pa mndandanda wa feteleza wotsika mtengo akangotumiza kangachepe. Mabodzawa amasiyana nkhope, koma mtima wake ndi umodzi: kukuchititsani mantha kapena kukukopani, kenako kukufulumizitsani kuti musapeze mpata wofunsa mnzanu. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Kale chuma cha banja chinkakhala m'nkhokwe, m'khola ndi m'kachikwama kokwirira pansi pa mphasa. Lero chili mu foni. Malipiro, ndalama zochokera kwa mwana amene ali ku Joni, fizi ya ana, zonse zikudutsa pa Airtel Money, TNM Mpamba kapena pa akaunti ya kubanki yolumikizidwa ku foni. M'menemonso muli zithunzi za ana athu, zokambirana za m'banja, ndi mauthenga a kuchipatala. Chiyambire kalembera wa ziphaso za unzika mu 2017, ndi kalembera wa manambala a foni amene anatsatira mu 2018, nambala ya foni ya munthu inamangiriridwa ku dzina lake ndi chiphaso chake. Wolanda nambala yanu walanda dzina lanu, ndipo angathe kubera ena m'dzina lanulo.

Tikamakamba zimenezi, ena amatiyankha kuti, "Ine ndilibe chobisa." Abale, bafa la kumudzi timalimanga ndi mpanda wa udzu, koma kusamba si mlandu. Anamkungwi amalangiza namwali kuseri, koma chilangizo si chinthu choipa. Wodwala akalowa kwa dokotala amatseka chitseko. Chinsinsi ndi ulemu wa munthu. N'chifukwa chake Malamulo Aakulu a dziko lino, pa gawo 21, amapatsa munthu aliyense ufulu wosunga chinsinsi, ndipo amaletsa kulowerera pa mauthenga ake, kaya a m'kalata kaya a pa lamya.

Mpanda wa mauthenga a pa foni ndi umene odziwa za makompyuta amautcha encryption. Mukalemba uthenga, foni yanu imausandutsa zilembo ndi manambala opanda tanthauzo usananyamuke, ndipo umabwereranso m'mawu omveka ukafika pa foni ya amene mwamulembera, chifukwa kiyi wotsegulira ali pa foniyo. Aliyense amene angaugwire panjira amangoona zinyalala. WhatsApp inayamba kuteteza mauthenga a anthu onse mwa njira imeneyi mu Epulo 2016, pogwiritsa ntchito luso limene linapangidwa ndi akatswiri a pulogalamu ina ya mauthenga yotchedwa Signal. Meseji wamba ya SMS ilibe mpanda wotere. Ili ngati kalata yopanda envulopu.

M'mayiko osiyanasiyana mwakhala mukumveka mawu akuti makampani azisiya kakhomo kakumbuyo, kuti apolisi azitha kuwerenga mauthenga a anthu oganiziridwa milandu. Tikumvetsa nkhawa yake, pakuti zigawenga nazo zimagwiritsa ntchito mafoni. Koma maganizo athu ndi akuti khomo likangobooledwa silisankha wolowa. Loko imene imatsegukira wapolisi wachilungamo idzatsegukiranso mbava imene yaba kiyi wake, ndi wogwira ntchito wadyera amene walandira chiphuphu. Ofufuza milandu agwire ntchito yawo ndi chilolezo cha khoti, pa munthu amene akumuganizirayo. Tisafooketse loko ya anthu mamiliyoni ambiri osalakwa pofuna kugwira ochepa.

Komabe tisadzinamize kuti loko yabwino ndi yokwanira. Mbava zinazindikira kalekale kuti kuthyola encryption n'kovuta, pamene kunyenga munthu n'kosavuta. Chitsanzo ndi kubedwa kwa maakaunti a WhatsApp. Mumalandira meseji ya manambala 6, kenako wina amene mukumuona ngati mnzanu wa m'gulu la kutchalitchi kapena la kuntchito amakulemberani kuti watumiza kodi yake kwa inu molakwitsa, mumubwezere. Manambala amenewo ndi kiyi wa akaunti yanu. Mukangowatumiza, WhatsApp yanu imasamukira pa foni yake, ndipo iye amayamba kulembera abale anu kuti mwagwa m'mavuto, akutumizireni ndalama.

Choncho tikukupemphani izi, inu nzika anzathu.

Choyamba, nambala yachinsinsi ikhale yanu nokha. Wa kampani ya mafoni kapena wa kubanki weniweni safunsa PIN. Timaona tsiku ndi tsiku pa kabenchi ka ejenti, munthu akupereka foni n'kutchula PIN mokweza pamzere pali anthu. Dinani nokha, mutaphimba ndi dzanja. Pa manambala 4 pamatuluka ma PIN 10,000 osiyanasiyana, koma ambiri timathamangira 1234, 0000 kapena chaka chathu chobadwa, chimene chalembedwa pa chiphaso chimene timasunga m'chikwama chimodzi ndi foniyo.

Chachiwiri, wokufulumizitsani mukayikireni. Akati mwana wadwala, dulani foni, muimbire aphunzitsi pa nambala imene mukuidziwa kale. Akati atumiza ndalama molakwika, musakhulupirire meseji imene yafika. Onani nokha ndalama zimene zili mu akaunti, ndipo muwauze adandaule ku kampani. Mphindi zisanu zofunsa zingapulumutse thukuta la chaka chonse.

Chachitatu, tsekani foni yanu ndi pasiwedi, ndipo pa WhatsApp, Facebook ndi imelo yatsani chitetezo chachiwiri chimene chimafunsa nambala ina kuwonjezera pa yoyamba. Musagwiritse ntchito pasiwedi imodzi paliponse, pakuti ikadziwika pamodzi, makomo onse atseguka. Foni ikatayika, thamangani mukatseketse SIM kadi tsiku lomwelo. Pogulitsa foni yakale, fufutani zonse. Popita nayo kwa okonza mafoni, chotsani SIM kadi ndi memore kadi.

Chachinayi, foni kapena kompyuta ikapempha kuti mapulogalamu ake akonzedwenso, musamangokankhira mawa chifukwa choumira bandulo. Mu Meyi 2017 pulogalamu yoipa yotchedwa WannaCry inatseka makompyuta m'mayiko oposa 150, ndipo zipatala zambiri ku Britain zinabweza odwala. Chigamba chotseka bowo limene inalowera chinali chitatulutsidwa ndi Microsoft miyezi iwiri m'mbuyomo, koma ambiri anali asanachiike.

Chachisanu, tisungirane ulemu. Kujambula zokambirana za mnzako n'kuzimwaza m'magulu, kufalitsa zithunzi zamaliseche za mtsikana amene chibwenzi chatha, kujambula ovulala pa ngozi abale awo asanamve, zonsezi n'kugwetsa mpanda wa munthu. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kuzunza ena kudzera pa intaneti komanso kulowa mu kompyuta ya wina popanda chilolezo. Koma lamulo lisanatigwire, umunthu utiletse. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Tili ndi mawu kwa inunso amene mumasunga mbiri za anthu: maofesi a boma, mabanki, makampani a mafoni, zipatala, sukulu, mabungwe ogawa thandizo ndi okongoza ndalama. Funso limene azakhali aja akufunsabe mpaka lero ndi lakuti, kodi munthu uja dzina langa lonse analitenga kuti? Timasiya mafotokope a ziphaso zathu paliponse pamene tafunsidwa. Timalemba dzina ndi nambala ya foni m'mabuku a pageti amene aliyense wobwera pambuyo amawerenga. Ena mwa ife tinagulapo mandasi okulungidwa m'pepala lokhala ndi mayina ndi manambala a anthu. Pepala lotero linachoka mu ofesi ya winawake.

Ngakhale boma lenilenilo silinapulumuke. Mu Febuluwale 2024, Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti makompyuta opangira mapasipoti alowedwa ndi achiwembu amene amafuna dipo, ndipo ntchito yopereka mapasipoti inaima kwa masabata angapo. Ophunzira, odwala ofuna thandizo kunja ndi amalonda anasowa kolowera. Chaka chomwecho dziko lino linakhala ndi lamulo loteteza mbiri za anthu, Data Protection Act, ndipo bungwe la MACRA linapatsidwa udindo woyang'anira. Lamulo limeneli lisathere pa pepala. Tikupempha kuti lifotokozedwe pa wailesi m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao ndi m'zilankhulo zina zathu. Tikupempha kuti aliyense wotenga mbiri ya munthu anene chifukwa chake, atenge zokhazo zimene zikufunika, azisunge motseka, ndipo zikabedwa auze eni ake msanga. Tikupemphanso kuti wobedwa akapita kukadandaula alandiridwe ngati munthu wolakwiridwa, osati kusekedwa.

Pomaliza, tichotse manyazi pa nkhani imeneyi. Obedwa si opusa. Abedwapo aphunzitsi, abusa, ngakhale ogwira ntchito m'maofesi akuluakulu. Azakhali aja atalimba mtima n'kufotokozera amayi a banki mkhonde, zinadziwika kuti winanso m'gulu lomwelo anaimbiridwapo foni yofanana, koma anangokhala chete. Akanayankhula, mnzake akanapulumuka. Kukhala chete kwathu ndiye chakudya cha mbava. Mukabedwa, dziwitsani kampani yanu ya foni kapena banki nthawi yomweyo, kanenani kupolisi, ndipo uzani anansi anu.

Mutu umodzi susenza denga. Mafumu, tengani mphindi zochepa pa msonkhano wa m'mudzi muchenjeze anthu anu. Abusa ndi mashehe, ikani nkhaniyi pa zolengeza. Aphunzitsi, ikambeni m'kalasi. Ndipo inu achinyamata amene zala zanu zinazolowera foni, madzulo ano khalani pansi ndi agogo, amayi kapena amalume anu, muwathandize kusintha PIN, muyang'ane kumbali pamene akudina yatsopanoyo, ndipo muwauze mawu awa kuti asawaiwale: nambala yachinsinsi sauza munthu.

Ndife anzanu,
Gulu la nzika zokhudzidwa ndi chitetezo cha anthu pa foni ndi pa intaneti