Chifukwa Chake Boma Silinabwezere Kolokwini M'zipatala

Pakati pa anthu owerenga nkhani za mankhwala pali funso limene silinathe kufikira lero: ngati madotolo anapeza kuti kolokwini wayambanso kuchiza malungo m'dziko muno, Boma linalekeranji kumubwezera m'zipatala, pokhala ali mankhwala otsika mtengo ndi odziwika kwa aliyense? Funsoli si lopusa ayi, ndipo aphunzitsi ndi antchito a Boma ayenera kukhala nalo yankho lake, pakuti iwo ndiwo amafunsidwa zotere kumidzi.

Nkhaniyi inatuluka m'chaka cha 2006 m'nyuzi ya madotolo ya ku America yotchedwa New England Journal of Medicine. Dr Miriam Laufer wa ku University of Maryland, pamodzi ndi anzake a ku America ndi a m'Malawi, anatenga ana 210 odwala malungo ku Ndirande, mumzinda wa Blantyre. Ena anawapatsa kolokwini, ena SP, amene anthu amutcha fansida, nawayang'anira masiku 28. Kolokwini anachiza ana 99 mwa 100 alionse. Fansida anachiza 21 okha.

Wowerenga zimenezi pazokha angaganize kuti Boma linalakwa pochotsa kolokwini. Komatu amene akumbukira zakale adziwa kuti pofika 1993 mankhwalawa anali kulephera pa ana oposa theka la amene anawamwa, ndipo m'chaka chimenecho Malawi linakhala dziko loyamba mu Africa kuwachotsa ndi kuika fansida m'malo mwake. Madotolo a 1993 sananame, ndipo a 2006 sananamenso. Chimene chinasintha pakati pa zaka zimenezo ndi tizilombo ta malungo.

Umboni wake unali utaoneka kale m'chaka cha 2003, pamene ofufuza anayeza magazi a odwala a ku Blantyre osungidwa zaka zambiri. Tizilombo tolimbana ndi kolokwini tili ndi chizindikiro m'chibadwa chake. Chizindikirocho chinapezeka m'magazi 85 mwa 100 alionse a m'chaka cha 1992. Pofika 2000 chinatsika kufika pa 13. Ndipo m'magazi a 2001 sichinapezeke konse. Zioneka kuti kulimbana ndi kolokwini kumafooketsa kachilombo pa zina, kotero kuti pamene kolokwini palibe, tizilombo wamba timaswana msanga ndi kuposa tolimbato. Ndiye kuti kolokwini anapezanso mphamvu chifukwa chakuti anthu analeka kumumwa. Kumubwezera yekha m'zipatala zonse kukanakhala kupha tizilombo wamba ndi kusiyira munda wonse tolimba, monga zinachitikira poyamba paja.

Kafukufuku wina wa 2010 anawonjezapo mfundo yoyenera kuisinkhasinkha. Anapeza kuti tizilombo togonja kwa kolokwini sitinathe konse m'zaka zovuta zija. Tinalipo, tochepa, ndipo tinangochulukanso pamene mpata unapezeka. Tsono ngati togonja tinatha kupulumuka chotero, palibe chifukwa choyesera kuti tolimba sitingachite chimodzimodzi. Ndiponso dziko lino si chilumba. Maiko oyandikana nalo anachedwa kusiya kolokwini. Tanzania inamusiya m'chaka cha 2001, patapita zaka zisanu ndi zitatu. Munthu wodutsa pa Songwe, pa Mchinji kapena pa Mwanza amafunsidwa chiphaso chake, koma za m'magazi mwake palibe womufunsa. Eni ake kafukufuku wa ku Ndirande anachenjeza za chimenechi pomwepo, kuti kolokwini asabwezedwe kufikira atalekedwa m'chigawo chonse, ndipo kuti pobwerapo adze wophatikizidwa ndi mankhwala ena. Chenjezo lotere silifika kutali monga umafikira mutu wa nkhani.

Kunena zoona, pa ziwerengero ziwiri zija chimene chinafuna changu sichinali 99 ayi, koma 21. Icho chinatanthauza kuti mankhwala amene anali kuperekedwa m'zipatala masiku amenewo anali kulephera pa ana ambiri a ku Ndirande. Boma linayankha chimenecho: m'chaka cha 2007 linaika LA, mankhwala awiri ophatikizana, kukhala oyamba pochiza malungo, mogwirizana ndi uphungu wa bungwe la World Health Organization wakuti malungo asachizidwenso ndi mankhwala amtundu umodzi okha. Nzeru yake njapafupi: kachilombo kopulumuka mankhwala oyamba kagwidwe ndi achiwiri.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo za amayi apakati zinaonetsa chimenecho. Fansida, ngakhale anachotsedwa pa ntchito yochiza, anasiyidwa pa ntchito yoteteza amayiwa. Munthu akanayesa kuti kolokwini, amene anaposa fansida kutali pa ana, adzamuposanso pa amayi. Dr Titus Divala ndi anzake anayesa chimenecho pa amayi 900 ku Ndirande komweko, ndipo zotsatira zake zinatuluka m'chaka cha 2018: kolokwini woperekedwa apo ndi apo sanateteze amayi koposa fansida. Kuchiza mwana amene wadwala kale ndi ntchito ina, kuteteza mayi wapakati miyezi yambiri ndi inanso. Chopezeka pa ntchito imodzi sichisamukira pa inzake popanda kuyesedwa.

Nkhaniyi yaukanso chifukwa cha mbiri yochokera ku Rwanda m'chaka cha 2020 ndi ku Uganda m'chaka cha 2021, yakuti kumeneko kwapezeka tizilombo tochedwa kufa ndi artemisinin, mtundu wa mankhwala amene ali mbali imodzi ya LA. Tsiku lingadze lakuti kolokwini adzafunikenso. Pamenepo kudzakhala kwa Unduna wa Zaumoyo kumuyesa mwatsopano ndi kumupezera mnzake woyenda naye. Iye amene amugula mwamseri lero ndi kumwetsa ana ake angowononga nkhokwe imene dziko lasunga chiyambire 1993. Kholo likafunsa mphunzitsi za mwana wotentha thupi, aliuze kuti lipite naye kuchipatala akayezedwe magazi, ndipo akapezeka ndi malungo amwe LA masiku atatu, kawiri pa tsiku, osalekeza panjira ngakhale thupi litazizira.