Zilonda za M'mimba ndi Makapisozi a Pamsika

Kwa zaka zambiri anthu anali kukhulupirira kuti zilonda za m'mimba zimadza chifukwa cha nkhawa ndi tsabola. Koma m'chaka cha 1982 madotolo awiri a ku Perth m'dziko la Australia, Robin Warren ndi Barry Marshall, anapeza kuti gwero la zilonda zambiri ndi kachirombo kotchedwa Helicobacter pylori, ndipo mu 2005 analandira mphotho ya Nobel. Kachiromboka kamalowa m'thupi kawirikawiri munthu akali mwana, makamaka kumene anthu ali othithikana ndi madzi ali osasamalika, ndipo kakakhalitsa kangathe kubala khansa ya m'mimba.

Kuchiza kwache nkodziwika. Wodwala amalandira mitundu iwiri ya mankhwala opha tizirombo, monga amoxicillin ndi clarithromycin kapena Flagyl, pamodzi ndi omeprazole wochepetsa asidi m'mimba, ndipo akatswiri amalangiza kumwa masiku 14 osadukiza. Tsono munthu akamwa makapisozi anai okha, nkuleka pamene chilungulira chatha, tizirombo tofooka timafa koma tolimba timatsala, nkuswana ana osamva mankhwalawo. Kafukufuku wa m'maiko a mu Africa waonetsa kuti m'malo ambiri kachiromboka sikamvanso Flagyl, popeza anthu amamumwa pa nthenda iliyonse ya m'mimba. Mu 2017 bungwe la World Health Organization linaika mtundu wache wosamva clarithromycin pa mndandanda wa tizirombo tofunika mankhwala atsopano msanga.

Nkhaniyi ikukhudza Ntcheu kwambiri. Mseu wa M1 umadutsa m'malire a Mozambique, ndipo misika monga Lizulu ndi Tsangano imasonkhanitsa anthu ndi katundu wa maiko awiri. M'misika ya m'dziko muno simusowa ogulitsa mankhwala mobisa, amene amawerengera munthu mbulu molingana ndi ndalama zache. Boma linakhazikitsa ndondomeko yolimbana ndi tizirombo tosamva mankhwala mu 2017, ndipo lamulo la 2019 linapatsa bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority mphamvu zoyang'anira malonda a mankhwala. Komatu lamulo silingaime pa msika uliwonse tsiku lililonse.

Chifukwa chache udindo uli pa aphunzitsi ndi ogwira ntchito m'Boma, pakuti zimene iwo achita anthu a kumudzi amatsanzira. Iwowa ayenera kuyamba ndi nyumba zao: kusagula mankhwala otere popanda kalata ya dotolo, kumaliza onse amene apatsidwa, ndi kusagawira m'bale otsala. Mankhwala akakanika, wodwala abwerere kwa dotolo kuti amsinthire ena, asabwereze omwewo. Wosanza magazi, wochita chimbudzi chakuda kapena woonda popanda chifukwa athamangire ku Chipatala cha Boma cha Ntcheu tsiku lomwelo. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo Flagyl amene munthu amwa mosafunsa lero sadzachiza mwana wache mawa.