Louis Moholo: mwini ng'oma amene adatsala yekha

Pa 13 June 2025, mumzinda wa Cape Town ku South Africa, mudamwalira mkulu wina woyimba ng'oma, a Louis Moholo-Moholo. Adali ndi zaka 85. Ambiri kuno kumalire dzinali sadalimvepo, ndipo nyimbo za jazi si zomwe zimavinidwa pa ukwati ku Angónia kapena ku Tsangano. Komabe mbiri ya bambowa ndi yoyenera kuitchera khutu, pakuti ndi mbiri ya munthu amene tsankho lidamuthamangitsa kwawo, nakhala kwa eni zaka 40 osataya ng'oma yake.

A Moholo adabadwa mu 1940 ku Langa, dera lomwe boma la azungu lidapatulira anthu akuda. Ali anyamata adalowa gulu la Blue Notes, momwe mudalinso Dudu Pukwana, Mongezi Feza, Johnny Dyani, Nikele Moyake ndi Chris McGregor. Asanu adali akuda, McGregor yekha ndiye mzungu. Malamulo a tsankho adachititsa kuti gulu lotere lizisowa poyimbira, ngakhalenso pogona pamodzi likakhala paulendo. Idali nthawi yomwe katswiri wakuda ankatha kuuzidwa kuti ayimbire kuseri kwa nsalu, kuti azungu amve nyimbo koma asaone nkhope. Choncho mu 1964, gululi litaitanidwa ku chikondwerero cha jazi cha ku Antibes m'dziko la France, lidapita osabwerera. Pofika 1965 lidakhazikika ku London.

Woyimba ng'oma za jazi amakhala kumbuyo kwa anzake. Manja awiri ali ndi timitengo, mapazi awiri nawonso akuponda, ng'oma zingapo ndi mbale zachitsulo zikulira nthawi imodzi. Owonerera maso awo amakhala pa woliza lipenga, koma amene adayimapo pa bwalo la gule amadziwa kuti wovina amatsata mbalule. A Moholo ankayimba motero. Sankangosunga kugunda kwa nyimbo ayi. Ankamvetsera mnzawo, kumuyankha, kumukankha kuti athamange, kenaka n'kutsitsa dzanja mpaka ng'oma kumangonong'ona. Luso limeneli ndi lomwe lidawafikitsa mu gulu lalikulu la Brotherhood of Breath lomwe McGregor adayambitsa ku London, komanso pambali pa akatswiri ngati Cecil Taylor wa ku America, amene adayimba naye awiriwiri ku Berlin mu 1988. Mu 1978 adatulutsa chimbale chawochawo, Spirits Rejoice, ndipo pambuyo pake adatsogolera gulu lawo lotchedwa Viva la Black.

Alipo amene amati munthu wothawira ku Ulaya wapita kokadya bwino. Oganiza choncho awerenge maliro a gululi. Moyake adabwerera kwawo akudwala ndipo sadakhalitse. Feza adamwalira ku London mu 1975 ali ndi zaka 30 zokha. Dyani adamwalira ku Berlin mu 1986. McGregor ndi Pukwana adatsatizana mu 1990, chaka chomwe Nelson Mandela adatuluka m'ndende. Akuluakulu adati ng'oma yolilitsa sichedwa kung'ambika, ndipo pa anyamata a Blue Notes mawuwa adapherezera. Palibe mmodzi mwa asanuwo amene adaona chisankho cha 1994. Adatsala ndi a Moholo okha.

Chimene adachita ndi kutsala kwawoko ndiye chofunika kwambiri pa mbiri yonseyi. Feza atamwalira, otsalawo adakumana n'kumulira ndi zoyimbira zawo, chimbale chake n'kutchedwa Blue Notes for Mongezi. Adachitanso chimodzimodzi Dyani atapita. Onse atatha, a Moholo adakhala pa ng'oma mu Dedication Orchestra, gulu lalikulu la oyimba a ku London lomwe ntchito yake idali kuyimba nyimbo zimene anzawo aja adapeka. Nyimbo yopanda woiyimba imafa msanga kuposa mwini wake. Kwa zaka zoposa 30 bambowa adasenza nyimbo za akufa, kuziphunzitsa kwa achinyamata a mitundu ina amene ku Langa sadapondeko.

Anthu a m'maboma a kumalire sasowa wowamasulira za kukhala kwa eni. Boma lomwelo la ku Pretoria, limene lidasowetsa mtendere oyimbawa, lidakolezeranso nkhondo ya muno m'Mozambique m'zaka za m'ma 1980, yomwe idathamangitsira mabanja zikwizikwi ku Dedza, ku Ntcheu ndi ku Nsanje. Obwerera pambuyo pa mgwirizano wa mtendere wa ku Rome wa 1992 adapeza minda itasanduka tchire, ena adasiya manda a abale awo tsidya lina. Kubwerera kumabweza munthu, zaka zake ayi.

Ndi momwe zidawakhaliranso a Moholo. Adakayimba ku South Africa ndi Viva la Black mu 1993, ndipo mu 2005 adasamukira kwawo. Koma ana a ku Langa a mibadwo iwiri adali atakula osawamva akuyimba, ndipo dzina lawo lidali lodziwika kwambiri ku London ndi ku Berlin kuposa kwawo komwe. Mlandu umenewu si wa iwo. Ndi wa boma lija lomwe lidaona ngati chinthu choopsa kuti anyamata asanu ndi mmodzi aziyimba pamodzi. Ngakhale atakalamba, a Moholo ankakwerabe ndege kupita ku Ulaya kukayimba ndi gulu lawo la Five Blokes, momwe woyimba piyano, Alexander Hawkins, adabadwa patapita zaka 17 Blue Notes itachoka ku South Africa.