Nyumba ya mphunzitsi ikhale kumene belu limamveka

Mayina a sukulu zokachitirako teaching practice akangotuluka, macheza a ku hositelo amasintha. Za mpira zimayamba zaima. Aliyense amakhala pa foni kufunsa achibale kuti kodi uko nyumba zikuyenda bwanji, magetsi aliko, netiweki imagwira. Ife ochokera ku Thyolo mafunso oterewa amatipeza kawirikawiri, chifukwa anzathu ambiri boma lathu amangolidziwira pa zithunzi za minda ya tiyi yobiriwira ija. Ndipo mayankho athu sasiyana: ukakhale pa Bvumbwe, ukakhale pa boma, kapena ku Luchenza. Sitinamvepo wina akunena kuti ukakhale pafupi ndi sukuluyo. Ife tikuona kuti pamenepa timawasocheretsa anzathu, ndipo amene amalipira kusochera kumeneku ndi ana omwe tonsefe tikukonzekera kukawaphunzitsa.

Tisanapite patali tivomereze kuti malo atatuwa si oipa. Onse ali m'mbali mwa msewu wa M2, wochoka ku Limbe kupita ku Mulanje mpaka ku chipata cha Muloza, choncho minibasi sizisowa. Pa Bvumbwe ndiye pamakoma. Msika wake umadziwika mpaka mu Blantyre ndi kabichi, tomato, karoti ndi mbatata, mkaka wa ng'ombe umapezeka m'mawa uliwonse, ndipo ukafuna kanthu ku Limbe umapita n'kubwerera dzuwa lisanapendeke. N'chifukwa chake anthu ambiri ogwira ntchito m'tauni anathamangira kumeneko, ndipo n'chifukwa chakenso eni nyumba akumeneko amatchula lendi akuyang'ana matumba a anthu a m'tauni, osati a mphunzitsi wongoyamba kumene. Pa boma pali chipatala chachikulu cha boma, polisi ndi maofesi a zamaphunziro, kumene mphunzitsi watsopano amapondako kangapo dzina lake lisanakhazikike pa malipiro. Ku Luchenza n'kotsika, n'kotenthera, koma ndi tauni yodziimira payokha yokhala ndi khonsolo yake, njanji imadutsa pomwepo, ndipo malonda sagona.

Vuto n'lakuti sukulu zambiri sizili pa M2. Sekondale zoyendera, zimene ambirife tidzayambire ntchito, zili mkati, m'midzi yopanikizika pakati pa maesiteti, kapena kutsata msewu wa ku Makwasa ndi Thekerani, kapena kumunsi cha ku Khonjeni. Tiyerekeze kuti mwatumizidwa ku sukulu ina cha ku Makwasa ndipo mwasankha kukhala pa boma. Pakati pa malo awiriwa pali makilomita pafupifupi 20 a msewu wokhotakhota, wotsika ndi kukwera. Mukasankha pa Bvumbwe mtundawo wawirikiza. Ndipo galimoto ikakutsitsani pamsewu ulendo sunathe. Patsala kabaza kapena miyendo yanu.

Tiwerengere limodzi, popeza masamu ake ndi a Sitandade 4. Masiku asanu pa mlungu, maulendo awiri pa tsiku, ndiye kuti pa mwezi maulendo osachepera 40. Chulukitsani 40 ndi mtengo wa minibasi, muwonjezere wa kabaza, kenaka muphatikize ndi lendi. Imeneyo ndiye lendi yanu yeniyeni. Anzathu ambiri amayerekeza nyumba ndi nyumba, n'kuiwala kuti msewu nawonso ndi landilodi, ndipo landilodi ameneyu sapereka notisi pokweza mtengo. Kwacha itagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, tonse tinaona mitengo ya thiransipoti ikudumpha masiku omwewo. Mafuta akasowa m'mafilingi siteshoni, wa kabaza amagula a m'zigubu ndipo mtengo amautchula akuyang'ana nkhope yanu. Malipiro a mphunzitsi sasintha pa liwiro limenelo.

Komatu ndalama si nkhani yaikulu pano. Nkhani yaikulu ndi mvula. Amene anakulira ku Thyolo amadziwa kuti dothi lofiira la kwathu likanyowa limaterera ngati sopo. Kuyambira Disembala mpaka Malichi, njira zochoka pa tala kulowa m'midzi zimasanduka phala, timitsinje timadzaza, ndipo njinga yamoto imafika pena n'kukutsitsani kuti muyende. Nthawi imeneyi ndi teremu yachiwiri yonse, pamene a Fomu 4 amayenera kumaliza silabasi. Mvula ikatha kumabwera chiperoni, nkhungu ndi mvula yowaza ya mu Juni ndi Julaye, pamene munthu umadzuka 5 koloko m'mawa n'kumaona ngati pakati pa usiku. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy atawomba, sukulu za m'maboma a kumwera zinatsekedwa kwa milungu, ndipo zitatsegulidwa panali malo amene milatho inali isanabwerere. Mphunzitsi wokhala kutsidya kwa mtsinje anali ndi chifukwa chomveka chosabwerera. Koma chifukwa chomveka sichiphunzitsa mwana kuwerengera ma mole.

Ena mwa ife, tisanapite ku sekondale ya mpingo, tinaphunzira pa pulayimale ina ya pafupi ndi esiteti. Tinali ndi aphunzitsi awiri amene sitidzawaiwala, ndipo onse anali odziwa ntchito. Mmodzi ankachokera kutali pa njinga. Kukacha kuli mitambo tinkadziwiratu kuti piriyodi yoyamba ndi yachiwiri n'zathu, ndipo tinkasangalala, poti tinali ana. Sitinkawadziwa mkazi wawo, sitinkadziwa kumene amapemphera, ndipo makolo athu ankangowamvera dzina. Winayo ankachita lendi kanyumba ka malata kuseri kwa msika. Mwana ukajomba masiku awiri, lachitatu madzulo unkangomva, "Odi kuno! Amayi, mwanayu akudwala kodi?" Ankadziwa amene amayi ake alawira kukathyola tiyi n'kumusiyira khanda, ankadziwa amene wayamba kuperekezedwa ndi mnyamata wa kabaza, ankadziwa nyumba imene moto sunasonkhedwe dzulo. Woyamba uja sitikumuweruza. Mwina anali ndi zifukwa zake. Tikungonena kuti zimene wachiwiriyu ankadziwa sizipezeka mu rejisitala, ndipo munthu wotsika minibasi 7 koloko n'kukweranso ina 2 koloko sangazidziwe.

Ku Thyolo zimenezi n'zofunika kwambiri chifukwa cha mmene ntchito ya tiyi imayendera. Tiyi amaphuka kwambiri nthawi ya mvula, ndipo ndi pamene maesiteti amalemba anthu ambiri a ntchito ya nyengo. Makolo amachoka kusanache n'kubwera atatopa. Miyezi imene mwana amasowa womuyang'anira kunyumba ndi yomweyo imene mphunzitsi wokhala kutali amachedwa kapena kujomba. Mwanayo amasiyidwa mbali zonse ziwiri nthawi imodzi.

Wina atifunsa kuti nanga nyumbazo zili kuti? Funso limeneli ndi lolemera, ndipo yankho lake linayamba kale ife tisanabadwe. M'zaka za m'ma 1890 boma la atsamunda linapereka kwa azungu zikalata zotsimikizira umwini wa malo aakulu m'mapiri a Shire, ndipo anthu okhala pamalowo anayamba kulipira ndi thukuta lawo, ija timaitcha thangata m'kalasi ya mbiri. Thangata anatha, koma malire a maesiteti ambiri sanasunthe kwenikweni. Satemwa, Naming'omba, Conforzi, Makandi ndi ena akadali pa nthaka yabwino, pamene kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 720,000 m'boma lino. Boma linayesa kupeputsa katunduyu ndi pulogalamu ya Kudzigulira Malo, imene kuyambira 2004 inasamutsa mabanja a ku Thyolo ndi Mulanje kupita ku Machinga, Mangochi ndi maboma ena, koma amene anatsala akadali opanikizana. Mudzi umene munthu amalima mpaka pakhonde sungakhale ndi nyumba zambiri za lendi. Nyumba za aphunzitsi pasukulu zimakhala zochepa, ndipo zimayambira kwa ahedi kutsika. Wobwera kumene amapeza zitatha.

Choncho pafupi ndi sukulu pamatsala zosankha ziwiri kapena zitatu, ndipo nazonso zimafuna kuziyerekeza mosamala. Nyumba ya m'malayini a esiteti, ngati muli ndi wachibale wokusungani, imaoneka yabwino: nthawi zambiri madzi ali pafupi, alonda alipo. Koma nyumbayo ndi ya ntchito, si ya munthu. Ena mwa ife tinaona amalume athu akulongedza katundu ntchito itatha, patapita zaka zambiri akukhala pakhomo limene ife tinkaliyesa kwathu. Mitengo ya mapeyala imene anabzala inatsalira wolowa m'malo mwawo. Amene akukusungani akachoka, inunso mwachoka, kaya ndi pakati pa teremu. Nyumba ya m'mudzi ili ndi zake. Kwathu kuno malo amayendera kuchikazi, ndiye bambo amene mwagwirizana naye lendi akhoza kukhala mkamwini chabe. Funsani mwaulemu kuti malowa ndi a ndani, kalankhuleni ndi mayi a pakhomopo, ndipo kaonekereni kwa amfumu musanalowetse mphasa. Safunsa anadya phula. Chotsala ndi timisika ta m'mbali mwa msewu ngati pa Makwasa kapena pa Thunga, pamene pamapezeka nyumba za njerwa zowotcha, zina za magetsi. Kwa ambirife apa ndiye poyenera kuyambira kufufuza: si tauni, koma sukulu umaifika wapansi.

Pali zifukwa zina zokanira maganizo athuwa zimene sitingazipeputse. Alongo athu amanena za chitetezo, ndipo akunena zoona. Mtsikana wa zaka 22 kukhala yekha m'nyumba yopanda mpanda, kumalo kumene aliyense akudziwa kuti amalandira malipiro pakutha pa mwezi, si nkhani yoseka. Njira zodutsa m'minda ya tiyi ndi m'nkhalango za bulugamu zimakhala zii dzuwa likalowa. Koma taonani kuti amene amayenda m'njira zimenezi kukada ndi uja wochokera kutali, amene minibasi yamuchedwetsa. Wokhala pafupi amakhala atafika kale. Ndipo pali njira zochepetsera mantha: kuchita lendi awiriawiri, kapena kupeza chipinda pakhomo pa banja lodziwika. Mipingo yathu ku Thyolo ili pafupifupi paliponse, poti uthenga unafika pa Malamulo mu 1902 n'kufalikira m'midzi yozungulira. Kalata yochokera kwa abusa a pano kupita kwa akulu a mpingo wakumeneko ingakupezereni khomo labwino kuposa dobadoba wa nyumba. Timadabwa kuti njira imeneyi sitiigwiritsa ntchito mokwanira.

Za magetsi tivomereze kuti pamenepo tagonja pang'ono. Kukonzekera phunziro pa tochi ya foni n'kowawa, ndipo laputopu siyendera makala. Sola yaing'ono imathandiza pa kuwala ndi kutchaja foni, koma siingafanane ndi magetsi a ESCOM, ngakhale kuti nawonso amathima. Za chipatala zimatengera mbali imene muli. Wa ku Makwasa ali pafupi ndi chipatala cha Malamulo, chimene ndi cholipira. Wofuna chaulere chachikulu ayenera kukafika pa boma. Amene ali ndi matenda ofuna dokotala pafupipafupi, kapena mwana wamng'ono wodwaladwala, asankhe malo poganizira zimenezo, ndipo palibe amene angamunene.

Pali chifukwa china chimene sitichitchula mokweza, koma m'mitima chilimo. Timafuna kukhala kumene sitikudziwika. M'mudzi mphunzitsi saweruka. Ukagula bonya wa pangongole ana ako a Fomu 2 amva, ukalandira mlendo mudzi wonse wadziwa. Pa Bvumbwe ungathe kuvala kabudula n'kupita kumsika popanda wokuitana kuti aphunzitsi. Ifenso timaufuna ufulu umenewo, tisanamizane. Koma tidzifunse ngati ndi wokwanira kuulipirira maulendo 40 pa mwezi ndi mapiriyodi oyamba a ana a eni ake.

Ndiye pali Lachisanu. Mu Juni dzuwa limalowa 5 koloko itangopitirira pang'ono. Wokhala pafupi akaweruka amachapa, kusita, kuphika, n'kutsekula Sabata mtima uli m'malo. Wokhala kutali nthawi imeneyo mwina akadali pa siteji, akudikira minibasi kuti idzaze. Loweruka m'mawa woyamba uja amapezeka m'tchalitchi chimodzi ndi ana ake a sukulu ndi makolo awo, mwina n'kupatsidwa kalasi ya achinyamata. Winayo amakhala mlendo kumene amagona ndi mlendonso kumene amagwira ntchito.

Kwa anzathu amene mayina awo atuluke teremu ikubwerayi, pempho lathu n'lakuti musasankhe nyumba pa foni. Pitani mukaione, ndipo ngati n'kotheka mukaione tsiku la mvula. Imani pakhomo pake, yang'anani wotchi, muyende wapansi mpaka pa geti ya sukulu. Ngati pali mtsinje, funsani ana amene mukumane nawo kuti ukadzaza amawolokera pati. Kaoneni mjigo nthawi ya m'mawa kuti mudziwe kutalika kwa mzere wa zidebe, ndipo mufunse ngati umatulutsabe madzi mu Okutobala. Suzumirani m'chimbudzi. Yang'anani kumtunda kwa nyumbayo ngati kuli mitengo kapena phiri lometedwa, poti mapiri ambiri a kwathu, kuyambira la Thyolo lenilenilo, anatha kudulidwa. Mukatero mukaone ya pa boma ija ndi ya pa Bvumbwe, mulembe zonse pa pepala limodzi, thiransipoti ili pomwepo.

Ndipo kwa akuluakulu a dipatimenti yathu, pamene mukutitumiza ku sukulu zimenezi, tithandizeni ndi mayina a mipingo yoyandikana nazo ndi kalata yotidziwitsa kwa akulu ake. Zina zonse, mphasa, mbaula ndi ambulera, tidzanyamula tokha.