Ekizozi si paipi wamba

Njinga zamoto za kabaza zachuluka pamsewu wa ku Rumphi, ndipo ekizozi ikabooka eni ake amathamangira kwa owotcherera a pa Njakwa. Amisiriwa ngofunika chifukwa ekizozi yatsopano njodula.

Komatu ekizozi si paipi wamba. Paipiyo ikapapatiza, injini imabanika n'kumamwa mafuta ambiri. Sailensa akaichotsa, phokoso limasowetsa anthu mtendere. Chitsulo chotchingira kutentha akachisiya, mayi kapena mwana wokwera kumbuyo amapsa mwendo.

Ife tikuti bungwe la TEVETA, lomwe lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1999, liwafikire amisiriwa ndi maphunziro pomwe akugwirira ntchito. Nanunso makolo, musanakweze mwana panjinga, yambani mwaona ngati chotchingiracho chilipo.