ZA ANA ATHU: APITE KUTCHIRE, KOMA ASAPITE OKHA

Mu mzinda wa Tete, tsidya la kumwera kwa Zambezi, muli dera lotchedwa Mateus Sansão Muthemba. Dzinali ndi la mmodzi wa atsogoleri a Frelimo amene anaphedwa ku Dar es Salaam m'chaka cha 1968. Pafupi ndi derali pali dambo la Nhartanda, kumene amayi amalima ndiwo zamasamba, ndipo ukakweza maso umaona phiri la Caroeira, limene eni ake amati Kalowera.

Chiyambire kukumba malasha kwakukulu ku Moatize mu 2011, mabanja ambiri ochokera ku Angónia, Tsangano ndi madera ena a m'malire anasamukira ku Tete kukafuna ntchito. Ana awo akukulira pakati pa nyumba za njerwa ndi fumbi la magalimoto. Malambe ndi masawu amawadziwira pa msika, atawunjikidwa pa thumba. Akafika kumudzi pa holide, agogo amagwira pakamwa poona mdzukulu wosatha kusiyanitsa bwemba ndi tsanya.

Makolo ena amati mwana asatuluke pa mpanda kaamba koopa ngozi. Mantha awo ndi omveka. Zambezi ali ndi ng'ona ndi mvuu. Madzi odikha a m'madambo amasunga nkhono zofalitsa likodzo. Koma kodi mwana amamangika? Bambo akangopita ku ntchito, mayi ku msika, iye uyo ndi anzake, ulendo wa ku mtsinje popanda wamkulu. Ngozi zambiri zimayambira pamenepo.

Nzeru yake ndi yakuti makolo azipita nawo okha anawo. Sipafunika bungwe kapena ndalama ayi. Mabanja atatu kapena anayi apangane tsiku Loweruka, apeze mkulu mmodzi wodziwa bwino njira kuti atsogole, wina azibwera pambuyo kuwerenga mitu. Anyamuke mbandakucha, pakuti dzuwa la ku Tete si lamasewera: mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapyola madigiri 40. Nyengo yabwino ndi ya Juni ndi Julaye, kukamazizirako, masawu atapsa. Mwana aliyense atenge botolo la madzi ndipo avale nsapato chifukwa cha minga.

M'njiramo mkulu uja aziima pa mtengo uliwonse. Uwu ndi mlambe, khungwa lake amapota nalo chingwe. Uwu ndi bwemba, wokometsa phala. Uwu ndi tsanya, masamba ake ngati mapiko a gulugufe, ndipo ukutha msanga chifukwa makala ake ndi okoma pa mbaula. Pa mchenga awaonetse mapazi a nkhanga ndi mkukuluzi wa njoka. Mwana amene wamva zimenezi ataugwira yekha mtengowo saiwala, ndipo mawa adzayamba waganiza asanaudule.

Phunziro lalikulu lili pa khwawa louma. Ana amakonda kusewera pa mchenga wake, osadziwa kuti mvula ikagwa kumtunda madzi amatha kufika mwadzidzidzi kuno kuli ngwee. Akulu anati madzi saiwala khwawa. Anthu a ku Tete anaziona mu Januwale 2022, pamene namondwe Ana anadzaza mtsinje wa Revúbuè mpaka kugumula mlatho, ndipo mkulu wa boma la Tete, José Maria Mandere, anakokoloka ndi madziwo. Ngati madzi anatenga galimoto ya akuluakulu, nanji kamwana ka zaka zisanu ndi ziwiri? Aonetseni zinyalala zokodwa pa nthambi, adziwe pamene madzi amalekeza.

Inu a ku Mwanza, Dedza, Ntcheu ndi Zóbuè, tchire muli nalo pakhomo, koma nanunso ana akuyamba kulidziwira m'buku la sukulu. Masawu akamapsa chaka chino, itanani agogo atsogole, ana atsate pambuyo. M'mera mpoyamba.