Musanawakalipire za Fodya, Mwawafunsa Ngati Akugona Tulo?

Anzanga a pagulu lino, sabata ino ndabwera ndi mkangano, ndipo chala ndikuloza inuyo.

Mukuwadziwa amalume aja amene akakwera kachitunda amaima, manja pa mawondo, mpweya ukuwathera. Kuchipatala anawauza kuti ali ndi COPD, matenda owononga mapapo omwe sachiritsika. Koma madzulo mumawapeza kuseri kwa khitchini akupichira chingambwe. Ndiye mumati chiyani? "Asiyeni, akufuna kufa okha amenewo." Ine ndikuti mawu amenewa ndi ankhanza, komanso ndi aulesi.

Taganizani. Munthu akadzuka usiku akubanika, amaona imfa ili pafupi. Kumunda anasiya, pabawo sawonekanso, ndalama mpaka apemphe kwa ana ake. Nkhawa ndi kukhumudwa zimamanga msasa mumtima mwake. Akakoka utsi, nikotini amafika ku ubongo m'masekondi osapitirira 20, mtima n'kukhala pansi kwakanthawi. Nikotiniyo akayamba kutha m'thupi, nkhawa ija imabwerera, iye n'kuyatsanso ndudu ina. Inu mukabwera ndi kukalipa kwanu mumangowonjezera manyazi, ndipo manyaziwo amakawathetsera kuseri kwa khitchini komwe kuja.

Wina ati, "Ndiye tiziwasiya azisuta basi?" Ayi ndithu. Mapapo owonongeka sabwerera mwakale, koma kusiya fodya ndi njira yaikulu yochepetsera liwiro lomwe akuwonongekera. Kafukufuku amasonyezanso kuti anthu akasiya kusuta, pakapita masabata angapo nkhawa zawo zimachepa. Nkhani ndi yakuti munthu wotaya mtima savutikira mawa limene sakuliona. Muthandizeni kaye kuliona.

Dziko lathu, lomwe limadalira fodya wa bale pa ndalama zakunja, linalowa m'pangano la WHO lochepetsa kusuta fodya mu 2023. Zabwino. Koma pangano silikhala pakhonde ndi amalume. Wachipatala amene akufunsa za chifuwa afunsenso za tulo, za chakudya, za maganizo. Ifenso tisiye kuganiza kuti matenda a maganizo ndi a anthu opita ku Zomba okha.

Madzulo ano khalani nawo pamphasa, musayambe ndi nkhani ya fodya. Afunseni kuti, "Amalume, usiku mukumagona?" Ndiye mukhale chete, mumve. Akavomera, aperekezeni kuchipatala mukanene zonse ziwiri, za chifuwa ndi za mumtima.

Amene mukutsutsa, bwerani m'makomenti tikambirane.